Mafunso a Owerenga: Kodi ana athu ali m'manja mwa yani akapita ku kwaya ndi ku mpira?

Makalata amene afika mwezi uno kuchokera m'maboma a Angónia, Macanga, Tsangano ndi Moatize akukhudza nkhani imodzi ngakhale kuti olembawo sadziwana, ndiyo chitetezo cha ana athu pamene ali ku kwaya, ku mpira, ku zisudzo ndi ku magulu ena a achinyamata, kumene timawatumiza tokha ndi mtima woyera kuti akaphunzire zabwino. Ndasankhapo makalata 4. Mayina a anthu, a mipingo ndi a matimu ndawachotsa, ndipo zina zimene zikanachititsa kuti mwana adziwike ndazisintha.

FUNSO

Zikomo Amayi Alangizi. Ndine mayi wa ana 4 ndipo ndimakhala kufupi ndi Dómuè, m'boma la Angónia. Mwana wanga wachiwiri, mtsikana wa zaka 13, amaimba kwaya ya achinyamata ku mpingo kwathu. Wophunzitsa nyimbo ndi bambo wapabanja, waulemu wake, ndipo pa maliro a mayi anga ndiye anachezera kutsogolera nyimbo usiku wonse. Kuyambira nthawi yokolola chimanga wakhala akuuza mwanayu kuti azitsalira anzake akaweruka, akuti ali ndi mawu abwino ofunika kuwasula. Anamugulira nsapato, kenaka kafoni kakang'ono, ndipo amamuikira mayunitsi. Masiku ano mwanayu sakudya bwino, akupsa mtima msanga, ndipo Loweruka lapitali anakana kupita ku kwaya ponena kuti mutu ukumupweteka. Bambo ake akuti ndikuganizira zoipa munthu wa Mulungu. Umboni ndilibe. Nditani?

Mayi wodandaula, Dómuè

YANKHO

Mayi, umboni umafunika pozenga mlandu, ndipo kuufufuza ndi ntchito ya apolisi ndi bwalo la milandu. Kuti muletse mwana wanu kutsala yekha ndi munthu wamkulu simufunika umboni uliwonse, ndiponso simufunika kupempha chilolezo kwa wina, pakuti mwanayo ndi wanu. Kutsalirako kuthe sabata ino. Ngati mawu a mwanayo alidi ofunika kuwasula, awasulire pamaso pa anzake, kapena pakhonde panu inu muli pomwepo mukusankha nyemba, ndipo mphunzitsi amene cholinga chake ndi nyimbo zokha sadzaona vuto pa zimenezi.

Bamboyo sindikumuweruza chifukwa sindimudziwa. Koma zimene mwafotokozazi zikutsata njira imene ogwira ntchito yoteteza ana amaidziwa bwino, ndipo ndingakulakwireni nditakubisirani. Munthu wofuna kugona ndi mwana kawirikawiri sayamba ndi kumumbwandira kuthengo ayi. Amayamba ndi kusankha mwana mmodzi pagulu n'kumuuza kuti ndi wosiyana ndi anzake onse. Kenaka zimabwera mphatso, zoyambirira zoonekera kwa makolo monga nsapato, zotsatira zake zobisika. Pambuyo pake pamabwera kachinsinsi kakang'ono kooneka kosaopsa, monga kunena kuti “usawauze amayi ako kuti ndakupatsa ndalama ya mandasi,” ndipo cholinga chake n'kuyesa ngati mwanayo amasunga pakamwa. Dzanja limene lero lili paphewa, mawa limatsikira m'chiuno, ndipo pofika tsiku loipalo mwana amakhala atamangidwa kale ndi manyazi, poganiza kuti popeza analandira foni ndiye kuti nayenso ndi wolakwa. Nthawi yonseyi munthuyo amakhala akunyengereranso makolo: amathandiza pamaliro, amabwereketsa njinga, amapereka moni wogwada, kotero kuti tsiku limene mwana adzalankhule mudzi wonse udzati n'zosatheka. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani zotere si zakutali. Kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana wotchedwa InVIC, amene anachitika muno m'Mozambique mu 2019, anapeza kuti atsikana pafupifupi 14 mwa 100 alionse ndi anyamata pafupifupi 8 mwa 100 alionse anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanafike zaka 18. Nthawi zambiri wochita zimenezi amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa. Choncho bambo akunyumba muwauze modekha kuti simukuimba munthu mlandu, koma mukungotseka khomo la khola madzulo monga mumachitira masiku onse ngakhale simunaone fisi.

Chovuta kwambiri ndi kulankhula ndi mwanayo, ndipo pamenepa ndikupemphani kuti mufatse. Musamukhazike pamphasa usiku pamaso pa bambo ake ndi abale ake ngati wakuba woti aulule. Mutengeni popita kudimba kapena kumtsinje kochapa, muli awiri okha, manja ali pantchito, maso osayang'anizana, chifukwa ana ambiri amamasuka motero. Musayambe ndi funso lakuti “wagona nawo aphunzitsi aja?”, pakuti funso lotere limamutseka pakamwa, komanso tsiku lina kubwalo anthu adzati munamuika mawu m'kamwa ndinu. Muyambe ndi zimene mwaona: “Ndaona kuti masiku ano sukukondwa ndipo ku kwaya sukufunako. Pali chimene chikukusowetsa mtendere? Chilichonse chimene ungandiuze sindikumenya, ndipo sindikuthamangitsa.” Akakhala chete musamuumirize, mudzabwerezenso tsiku lina. Akayamba kulankhula musalire mokuwa, musamudule mawu, ndipo musamufunse kuti analekeranji kunena kale kapena analandiriranji foni. Amve kuchokera pakamwa panu kuti mwamukhulupirira, kuti wachita bwino kunena, ndiponso kuti wolakwa si iye.

Ndikunena izi ndi chisoni chimene ndakhala nacho zaka zambiri. Pamene ndinkaphunzitsa kalasi yachisanu pa sukulu ina yakumudzi, panali kamtsikana kamene tinkakatuma kukasiya makope kunyumba kwa mphunzitsi mnzanga amene ankayang'anira gulu la magule a pasukulupo. Tsiku lina kanakana. Kanaima pakhomo la kalasi makope ali pachifuwa, chala chachikulu chakuphazi chikukanda dothi, misozi ili m'maso koma osatuluka. Ine ndinakakalipira kuti kayamba mwano, ndipo kanapita. Zoona zake ndinazimva patatha chaka, mwanayo atasiya kale sukulu. Kuyambira pamenepo, mwana akakana mwadzidzidzi kupita kwa munthu amene kale ankamukonda, ine ndimaleka zonse n'kumvetsera. Mutu umene unamupweteka mwana wanu Loweruka lija musaupeputse.

Foniyo musaibweze msanga ndipo musafufute kalikonse. Isungeni inuyo pamalo abwino, chifukwa mauthenga ndi nthawi zimene ankaimbirana zikhoza kudzakhala umboni umene mukuti mulibewo. Mwana akaulula kuti anagwiriridwa kapena kugwidwagwidwa malo obisika, poyamba pitani naye kuchipatala, osati kwa abusa kapena kwa wophunzitsa nyimboyo. Pali mankhwala oteteza ku HIV amene achipatala kuno amawatchula PPE, kutsidya ku Malawi amati PEP, amene ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndiwo masiku 3, ndipo amamwedwa masiku 28. Palinso mankhwala oletsa kuti mimba isakhale, amene amagwira bwino akamwedwa msanga ndipo sapitirira masiku 5. Ngati zachitika kumene, mwana asasambe kaye ndipo zovala zake zisachapidwe, muzikulunge m'pepala osati m'jumbo. Ngakhale patapita miyezi pitanibe, chifukwa pali matenda ena ofunika kuyezedwa ndiponso kalata ya achipatala imafunika pamlandu. Kupolisi funsani ofesi yotchedwa Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência, imene ntchito yake ndi milandu yotereyi. Mukhozanso kuimba nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, imene ndi yaulere, ndipo mungathe kuimba ngakhale lero lomwe pamene mukungokayikira, kuti akulangizeni. Inu a m'malire amene foni zanu nthawi zina zimagwira netiweki ya ku Malawi, dziwani kuti kumenekonso 116 ndi nambala yothandiza ana, koma mlandu wochitikira kuno uyenera kufika kupolisi ya kuno.

Mwana akapanda kuulula kanthu, lamulo lanu lija lisasinthe. Pitani kwa amayi anzanu amene ana awo ali m'kwayamo, mupemphe pamodzi kwa akulu a mpingo kuti pa maphunziro onse a nyimbo pazikhala mayi mmodzi kapena awiri mosinthana. Potero simunatchule dzina la munthu, koma mwateteza ana onse.

FUNSO

Amayi, ine ndine mnyamata wa zaka 29 ndipo ndimalima fodya kuno ku Furancungo. Kwa zaka 3 ndakhala ndikuphunzitsa mpira anyamata a zaka 11 mpaka 15 popanda malipiro, ndipo mipira ndi mayunifolomu ndimagula ndi ndalama zanga. Tikakhala ndi masewero akutali, anyamata ochokera m'midzi yapatali amagona kunyumba kwanga kuti tilawirire. Mwezi watha bambo wina anachotsa mwana wake m'timu atamva zimenezi, ndipo mawu amene analankhula anandipweteka kwambiri. Ine sindinalakwirepo mwana wa munthu, komanso awa ndi anyamata, si atsikana. Ndichite chiyani kuti makolo andikhulupirire?

Mphunzitsi wa mpira, Furancungo

YANKHO

Achimwene, ntchito imene mukugwira ndi yabwino ndipo ndilibe chifukwa chokayikira mawu anu. Komabe bambo amene anachotsa mwana wakeyo sanalakwe, ndipo kugoneka ana kunyumba kwanu muli nokha kuyenera kutha. Kholo silingathe kuona mumtima mwanu. Chimene lingathe kuona ndi mmene zinthu zakonzedwera, ndipo makonzedwe amene alipo panopa ndi omwewo amene munthu woipa angawafune atakhala pamalo panu. Inu simudzaphunzitsa timuyi mpaka kalekale, ndipo amene adzalowe m'malo mwanu adzapeza chizolowezi chakuti ana amagona kwa aphunzitsi chitakhazikika kale, makolo atasiya kufunsa.

Mawu akuti awa ndi anyamata ndiwo andidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa maganizo amenewa ndi amene achititsa kuti anyamata ambiri avutike mwakachetechete. Mnyamata akachitidwa zachipongwe amaopa kusekedwa, amaopa kuti anthu adzati si mwamuna, ndipo ambiri amakula nacho chinsinsicho mpaka imvi. Ku England, mu Novembala 2016, katswiri wakale wa mpira Andy Woodward anaulula poyera kuti ali mwana ankagwiriridwa ndi mphunzitsi wake Barry Bennell, munthu amene ankatchuka kuti ndi wodziwa kusula ana aluso ndipo ankagoneka anyamata kunyumba kwake. Ataulula iye, amuna ena mazanamazana anabwera poyera ndi nkhani zawo zokhudza aphunzitsi osiyanasiyana, ndipo mu 2018 Bennell anagamulidwa kukakhala kundende zaka 30. Ku America, bungwe la ana ndi achinyamata la Boy Scouts of America linalengeza mu Febuluwale 2020 kuti lagwa pachuma chifukwa cha milandu yotereyi, ndipo anthu oposa 82,000 anapereka madandaulo akuti anachitidwa nkhanza ali ana m'bungwemo. Amenewa ndi mabungwe a ndalama, a maofesi ndi mabuku a malamulo, koma anagwa m'mbuna chifukwa kwa zaka zambiri ankadalira mbiri yabwino ya munthu ndipo ankaopa manyazi kuposa kuopa kuvulala kwa mwana.

Phunziro lalikulu limene linatuluka m'masautso amenewa silifuna ngakhale metikali imodzi. Munthu wamkulu asakhale yekha ndi mwana amene si wake pamalo pamene ena sakuona, ndipo pa zochitika zonse za gulu pazikhala akuluakulu osachepera awiri. Itanani makolo onse pansi pa mtengo, a mfumu alipo, ndipo lamuloli mulinene ndinu mwini, kuyambira pa inu nomwe. Pa ulendo uliwonse pazipita makolo awiri mosinthana. Anyamata akutali azigona kwa abale awo kapena m'kalasi ya sukulu onse pamodzi, akuluakulu awiri atayala mphasa zawo pakhomo, ndipo pasapezeke mwana woitanidwa kukagona pa yekha ndi mphunzitsi ngakhale kukuzizira chotani m'mwezi wa Juni. Posamba ndi posintha zovala akuluakulu azikhala patali pomvekera mawu koma posaonekera. Mwana akavulala ntchafu, womuthira mankhwala achite zimenezo pabwalo anzake akuona. Uthenga wa pafoni uzipita kwa kholo kapena pa gulu la WhatsApp limene muli makolo, osati kwa mwana payekha usiku. Nsapato zampira mukafuna kuthandiza nazo mwana wosauka, ziperekedwe m'dzina la timu pamaso pa kholo lake, kuti mwanayo asadzione ngati ali ndi ngongole kwa munthu mmodzi.

Munthu wina akadzabwera kudzathandiza timu, makamaka mlendo wochokera kwina, mufunseni kalata ya boma yosonyeza ngati anapezekapo ndi mlandu, imene timaitcha registo criminal. Koma kalatayo musaidalire kwambiri, chifukwa imangoonetsa milandu imene inafika kukhoti, pamene yambiri imathera pabwalo la mfumu kapena m'chipinda cha akulu a mpingo. N'chifukwa chake muyenera kufunsanso kumene akuchokera kuti anachokako bwanji. Kumbukiraninso kuti si akuluakulu okha amene amazunza ana. Mnyamata wa zaka 15 akhoza kuzunza wa zaka 11 m'dzina la kumulandira m'timu, choncho pogona muziwasiyanitsa malinga ndi misinkhu. Ndipo mbama, chikoti, kutukwana ndi kumana mwana madzi chifukwa waphonya chigoli, zonsezi ndi nkhanza ngakhale ambirife tinakula nazo.

Pomaliza, makolowo asankhe munthu mmodzi wokhwima maganizo, amene si inu ndiponso si m'bale wanu, woti mwana aliyense akhoza kukamudandaulira. Anawo muwauze ndi pakamwa panu kuti ngakhale wowalakwira atakhala inuyo, akanene. Mukatero mupite kwa bambo anachotsa mwana uja mukawapemphe kuti akhale m'gulu la makolo operekeza timu.

FUNSO

Amayi Alangizi, ndine mlembi wa bwalo la akulu a mpingo wina m'boma la Tsangano. Wapampando wa achinyamata athu, wa zaka 27, wapereka mimba kwa mtsikana wa zaka 15 wa m'gulu lomwelo. Akulu a mpingo ndi mabanja onse awiri anakhala pansi ndipo anagwirizana kuti mnyamatayo aimitsidwe kudya mgonero miyezi 6, alipe mbuzi 2 ndi mametikali 10,000, ndipo amukwatire mtsikanayo akakumba mbatata ya kachewere. Atsibweni ake a mtsikanayo avomera. Akulu akuti nkhaniyi isatuluke kuti dzina la mpingo lisaipe, ndipo mnyamatayo ndi mwana wa mkulu wa mpingo amene anatithandiza malata a tchalitchi. Andiuza kuti ndilembe chigwirizanochi m'buku, koma mtima wanga ukukana.

Mlembi wosowa mtendere, Tsangano

YANKHO

Bambo, mtima wanu ukunena zoona, ndipo chigwirizanocho musachilembe. Chimene akulu akuchitcha kukonza mlandu, malamulo a dziko lino amachitcha mlandu wina pamwamba pa woyambawo. Lamulo nambala 7/2008 loteteza ufulu wa ana limati mwana ndi munthu aliyense wosafika zaka 18. Lamulo nambala 19/2019, limene linakhazikitsidwa pofuna kuthetsa maukwati a ana, limaletsa kukwatira, kutomera kapena kulowetsa m'banja mwana wosafika zaka 18, kaya ukwatiwo ndi wa kuboma, wa kutchalitchi kapena wa pachikhalidwe. Kale kunali mpata wakuti wa zaka 16 akhoza kukwatiwa makolo akavomera, koma mpata umenewo unatsekedwa m'chaka chomwecho. Munthu wamkulu wokwatira mwana akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 12, ndipo lamuloli limalanganso makolo ndi abale opereka mwanayo, pamodzi ndi atsogoleri a mpingo kapena a mudzi amene adalitsa kapena kuvomereza ukwati wotere. Dzina lanu likakhala pansi pa chigwirizanocho, bukulo lidzakhala umboni wokutsutsani inu nomwe.

Ndikudziwa kulemera kwa malata aja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo m'mipingo yathu yambiri milandu ya ana imafera pomwepo, pa ulemu umene timapereka kwa banja lothandiza. Koma taganizirani chimene atsikana ena a m'gululo aphunzire poona zimenezi. Aona kuti mtsogoleri akalakwira mwana amalipa mbuzi 2 n'kupatsidwa mwanayo kuti akhale mkazi wake, ndipo aona kuti wonena ndiye amachotsedwa sukulu. Palibe wina adzanenenso. Funso limene bwalo lanu silinafunse n'lakuti kodi mtsikanayu ndi yekha, popeza munthu amene anali ndi mpata wotere pa gulu lonse kawirikawiri sayambira pa amene watenga mimbayo. Mimba ndiyo yangoonetsa poyera.

Chilango cha mpingo chili ndi malo ake, ndipo kulapa ndi kukhululuka ndi nkhani za pakati pa munthu ndi Mulungu wake zimene sindingalowererepo. Koma kuimitsidwa mgonero sikulowa m'malo mwa khoti, monga momwe wakuba ng'ombe sangamasulidwe chifukwa walapa Lamulungu. Ndipo ngakhale atakhululukidwa, munthu ameneyu asadzapatsidwenso udindo pa ana. Pamenepa pali chinthu china chimene inu a ku Tsangano mukuchidziwa kuposa ine. Cha ku Biriwiri ndi ku Lizulu malire ndi msewu chabe, munthu amawoloka wapansi atanyamula thumba la kabichi, ndipo tsidya linalo kuli abale, chinenero n'chimodzi, mipingo ndi yofanana. Wolakwa akamva kuti nkhani yafika kuboma akhoza kugona ku Ntcheu usiku womwewo, ndipo pakatha chaka mudzamva kuti akutsogolera achinyamata kumeneko. Choncho kanenani msanga ndiponso mwakachetechete, ndipo inu monga mlembi musalembe kalata yomusamutsa yonena kuti ndi mkhristu wa mbiri yabwino.

Nkhaniyi mukhoza kukainena kupolisi, ku Procuradoria ya boma lanu, imene ndi ofesi ya oimira boma pa milandu, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya Acção Social imene ili pansi pa Serviço Distrital de Saúde, Mulher e Acção Social, kapena poimba 116. Musanapite, yesani kulankhula ndi mayi ake a mtsikanayo paokha, chifukwa nthawi zambiri mayi amavomera pagulu poopa atsibweni ndi akulu, mumtima akulira. Muwauze kuti chithandizo cha mwana wobadwayo sichidalira ukwati, pakuti khoti likhoza kulamula bambo wa mwana kupereka ndalama zolerera ngakhale palibe banja, ndipo bungwe la boma la IPAJ limathandiza osauka pa milandu popanda kulipira. Mtsikanayo ayambe sikelo msanga ndipo adzachirire kuchipatala, chifukwa thupi la zaka 15 silinakhwime ndipo kubereka movutika kukhoza kumusiyira matenda a fistula kapena kumutayitsa moyo. Sukulu asasiye. Lamulo lakale la 2003 limene linkasamutsira atsikana oyembekezera ku makalasi ausiku linathetsedwa mu Disembala 2018, choncho ali ndi ufulu wophunzira masana ndi anzake.

Mwina mudzadedwa kwa kanthawi, ndipo ena adzati mwagulitsa mpingo. Pezani mkulu mmodzi kapena mayi mmodzi wa m'bwalomo amene mtima wake ukukananso, pakuti sindikhulupirira kuti muli nokha, ndipo mupitire limodzi.

FUNSO

Amayi, ndine mtsikana wa zaka 16 wa ku Moatize ndipo ndili m'gulu la zisudzo. Mnzanga wapamtima wa zaka 14 wandiuza kuti mtsogoleri wathu amamutumizira mauthenga usiku kumupempha zithunzi ali maliseche, akuti akakana samutenga pa ulendo wokachita sewero mumzinda wa Tete. Anatumiza kale chimodzi ndipo tsopano akumuopseza kuti achionetsa kwa anthu. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ndikaulula ndiye kuti ndamupereka?

Mtsikana wa ku Moatize

YANKHO

Mwana wanga, sunamupereke, ndipo wachita bwino kulemba. Mnzakoyo anakuuza chifukwa katunduyu wamulemera, ndipo ndi wolemera kwa iwenso, pakuti nonse ndinu ana. Pali zinsinsi zoyenera kusunga, koma chinsinsi chimene chikuteteza munthu wamkulu amene akuvulaza mwana si chimodzi mwa izo. Kupempha mwana chithunzi chamaliseche, kuchisunga ndi kumuopseza nacho ndi milandu pamalamulo a dziko lino, ndipo wolakwa ndi mtsogoleriyo, osati mnzako, ngakhale kuti chithunzicho anatumiza yekha.

Usachite zinthu mseri mwake. Pita ukamuuze kuti umamukonda ndipo sungathe kukhala chete, kenaka umufunse kuti munthu wamkulu amene iye angamasuke naye ndani, kaya ndi mayi ake, azakhali ake, aphunzitsi aakazi kapena anamwino a ku SAAJ, kumene ndi mbali ya chipatala yothandiza achinyamata mwachinsinsi. Umuperekeze, ndipo ngati mawu akamukanika ukayambe ndiwe kulankhula. Akakana onsewa, imbani 116 muli limodzi, ndipo akakanabe, iwe uuze mayi ako kapena wamkulu amene umamukhulupirira tsiku lomwelo. Woyamba kuuzidwa akapanda kuchitapo kanthu, uuze wina.

Pakali pano mnzako asatumizenso chithunzi china ngakhale aopsezedwe chotani, chifukwa woopseza akalandira chachiwiri amafuna chachitatu. Asafufute mauthengawo, pakuti apolisi adzawafuna, ndipo chithunzicho chisatumizidwe kwa wina aliyense, ngakhale kwa iwe, koma foniyo ikaonetsedwe kupolisi momwe ilili. Iwe usapite kukamufunsa mtsogoleriyo kapena kumuuza kuti wadziwa. Mpaka akuluakulu atalowererapo, nonse awiri musapite ku maphunziro a sewero kapena pa ulendo wa ku Tete, ndipo akakufunsani chifukwa chake mungoti makolo akuletsani.